Dzira siliponyedwa kawiri

Inu anzanga a m'tauni, amene mumati mukalandira malipiro pakutha pa mwezi n'kulowa m'golosale, kutulukamo mutanyamula thireyi ya mazira 30 ngati mwanyamula nyuzipepala, mwina munaiwala kale chimene dzira lili. Likasweka limodzi panjira mumangoti "aa, tsoka," n'kupukuta ndi kansanza, nkhani n'kuthera pomwepo. Kwathu ku Chiosya, m'boma la Mchinji, dzira si ndiwo chabe ayi. Mayi akagulitsa mazira angapo ndiye kuti pakhomo pabwera mchere, sopo, machesi ndi kope la mwana wa sukulu. Likakhala ndi mwayi wofungatiridwa masiku 21, dzira ndi nkhuku ya chaka chamawa, yophera mlendo kapena yokapepesera mlandu kwa amfumu.

Makolo ankalilemekeza dzira mpaka kuliika m'ndagi, ija ya nyumba yopanda khomo. Ife tili ana sitinkaloledwa kulilawa, ati tidwala khunyu, ndipo amayi oyembekezera ankawaopseza kuti akadya adzabereka mwana wopanda tsitsi. Achipatala anazitsutsa kale zimenezi, ndipo n'zabodzadi. Koma ndikaziganizira ndimaona kuti unali mpanda wa akuluakulu wotchingira khola, pakuti ana akanazolowera kukoma kwa dzira, anapiye akanachokera kuti?

Tsono tangoganizani mphunzitsi kuuza ana a malo ngati amenewa kuti aliyense abwere ndi dzira, akaligwetse pa simenti kuchokera m'mwamba.

Zinachitika m'mwezi wa Juni, nthawi yoswa mtedza, ine nditapita kumudzi kukaona mbumba. Mwana wa mlongo wanga, mtsikana wa Fomu 2 pa sukulu ina yoyendera ya sekondale, anafika madzulo ali ndi kapepala m'manja, nkhope ili ngati wamva uthenga wa maliro. Pakapepalapo panali malamulo anayi. Dzira likhale laliwisi. Lidzagwetsedwa kuchokera pa mamita 3. Chotetezera dziralo chipangidwe ndi zinthu za pakhomo zokhazokha, osagula kanthu. Chisakule kuposa kandowa ka malita 5. Tsiku lake linali Lachisanu, ndipo apa n'kuti lili Lolemba.

Masewera amenewa kunja kuno ndi odziwika. M'sukulu za ku America ndi ku Ulaya ana amawachita chaka ndi chaka pophunzira fizikisi, ndipo amakhala ndi thonje, selotepi, mabaluni, timapaipi tomwera zakumwa, ndiponso mazira ambiri oyeserera. Likasweka atenga lina. Mphunzitsi wa mtsikanayu anangotenga masewerawo n'kuwaveka zovala za kwathu. Aphunzitsi a kuno ali ndi dzina la kachitidwe kameneka, amati TALULAR, chidule cha mawu a Chingerezi otanthauza kuphunzitsa ndi kuphunzira pogwiritsa ntchito zinthu zopezeka pamalo pomwepo. A Malawi Institute of Education ku Domasi ndiwo anakalimbikitsa kwambiri, ndipo chifukwa chake n'chosabisika. Maphunziro a pulaimale atakhala aulere mu 1994, ana m'sukulu anachoka pa 1.9 miliyoni kufika pafupifupi 3 miliyoni m'chaka chimodzi. Mu 1998 malo amene anali ophunzirirako mwa makalata anasandutsidwa masekondale oyendera kuti khamu limeneli lipeze kolowera. Zipinda zinamangidwa, koma ma labotale ndi zipangizo zake sizinafike ponseponse. Mphunzitsi wofuna kuti ana aione sayansi ndi maso amayenera kuitola payekha m'dzala ndi kukhitchini.

Mlongo wanga atamva za dziralo anaika pansi lichero la mtedza.

"Achimwene, mwamva zimenezi? Sukulu yayamba kudya mazira tsopano? Fizi tilipire, yunifomu tigule, ndiye ndi nkhuku zomwe tisonkhe?"

Sanali kuyankhula mwankhanza. Chitopa chinali chitadutsa pamudzipo m'miyezi yotentha ya chaka chapitacho n'kusesa khola, kusiya nkhuku zathadzi ziwiri ndi tambala wa miyendo yoonda. Imodzi inali itafungatira, inayo ndiyo inkaikira, ndipo mazira ake anali atawerengedwa kale: Loweruka apite kumsika, abwere ngati mchere ndi sopo. Maso onse anatembenukira kwa ine, malume wa m'tauni. Koma amene amadya za cholembera akudziwa kuti ndakatulo siigula thireyi, ndipo ndalama ya nkhani imene unalemba mu Malichi imatha kukupeza mu Ogasiti. M'thumba mwanga munali ya minibasi yobwererera ku Lilongwe basi.

Amene anadula mlandu ndi amayi, agogo ake a mtsikanayo, amene nthawi yonseyi ankangoswa mtedza osanena kanthu.

"Mpatseni limodzi. Limodzi lokha. Apite nalo, abwere nalo."

"Nanga likasweka, agogo?"

"Likasweka udzadya ndiwo zopanda mchere pamodzi ndi ife, udzadziwe kuti sukulu ili ndi mtengo."

Mtsikanayu ankafuna kudzapitiriza fizikisi ku Fomu 3. Mayi ake ankaona kuti maphunziro amenewo ndi a ana a m'tauni, ndipo dzira losweka likanawapatsa umboni umene ankaufuna. Choncho pa dzira limodzi lija panakwera zinthu zambiri kuposa mchere.

Usiku umenewo tinakhala pansi ndi tochi, ine ndi iye, kuseri kwa kope lake la masamu. Dipuloma yanga ndi ya utolankhani, koma Physical Science ya m'masiku athu sinathere m'chipinda cha mayeso. Chinthu chikamagwa, liwiro lake limawonjezeka ndi mamita 9.8 pa sekondi, sekondi iliyonse. Kuchokera pa mamita 3, dzira limafika pansi sekondi isanakwane, likuthamanga pafupifupi makilomita 28 pa ola, ngati njinga ya kabaza yotsika mtunda mabuleki atatha. Komatu liwiro palokha siliswa dzira. Chimaswa dzira ndi kuima mwadzidzidzi. Isaac Newton anazilemba kale mu 1687, kuti pofuna kusintha liwiro la chinthu pamafunika mphamvu, ndipo ukafuna kulisintha msangamsanga mphamvuyo imakula.

Masamu ake ndi osavuta, ngakhale wogulitsa tomato angawachite. Tenga kutalika kumene chinthu chagwa, ugawe ndi kamtunda kamene chayenda pamene chikuima. Yankho lake likuuza kuti chinthucho chikumva kulemera kwake kuchulukitsidwa kangati. Dzira la magalamu 50 likagwa mamita 3 n'kuima m'kamtunda ka milimita imodzi, monga zimakhalira pa simenti, limamva kulemera kwake kuchulukitsidwa ka 3,000. Amenewo ndi makilogalamu 150.

"Amalume, si matumba atatu a chimanga amenewo?"

"Atatu ndithu, a makilogalamu 50, kusanjikiza pa dzira limodzi."

Koma dzira lomwelo likapeza chinthu chofewa choti lilowemo masentimita 5 lisanaime, kulemerako kumangochulukitsidwa ka 60, amene ndi makilogalamu 3, mapaketi atatu a shuga. Likalowa masentimita 10, paketi imodzi ndi theka. Chigoba cha dzira n'chopyapyala, sichikwana ndi theka la milimita lomwe, ndipo chinapangidwa ndi zofanana ndi mwala wa laimu. Ukalipanikiza pakati pa zinthu ziwiri zolimba limasweka mphamvu ikafika cha m'ma kilogalamu 4 kapena 5. Apa mtsikana anaona yekha pamene panagona nkhani. Ntchito yake inali yosandutsa matumba atatu a chimanga kukhala mapaketi a shuga osapitirira atatu, ndipo njira zake zinalipo zitatu: kuchepetsa liwiro dzira lisanafike pansi, kutalikitsa kamtunda koimira, ndi kumwaza mphamvuyo kuti isagwere pamalo amodzi a chigoba.

Vuto linatsala limodzi, lalikulu. Mwana wa ku America akafuna kudziwa ngati chopanga chake chikugwira ntchito amachigwetsa n'kuona. Wathuyu anali ndi dzira limodzi, ndipo dzira siliponyedwa kawiri. Ayesera chiyani?

Nzeru inachokera kwa iye mwini. Lachiwiri pochokera kusukulu anadzera kudambo n'kubwera ndi dongo loumbira miphika. Anaumba timazira tadongo tofewa, tofanana kukula ndi dzira lenileni, n'kutisalaza ndi madzi. Dongo silisweka, koma silinamanso. Likagunda molimba limaphwanyika mbali imodzi, ndipo kukula kwa pophwanyikapo kumakuuza kukula kwa nkhonya imene lalandira. Ukatha kuona umaliumbanso n'kuyesa kachiwiri, kachisanu, kakhumi, popanda wolira. Tinayeza mamita 3 pa chingwe pogwiritsa ntchito rula yake ya masentimita 30, kuiika kakhumi, n'kumanga chingwecho pa nthambi ya mtengo wa mango. Mlongo wake wamng'ono, amene amakwera mitengo ngati pusi, ndiye anakhala wogwetsa. Pansi tinaika mwala wafulati wochapirapo zovala m'malo mwa simenti.

Choyamba anayesa chimene aliyense amathamangira: chitini. Anakulunga dongo m'nsanza n'kulithina m'chitini cholimba, poganiza kuti chitsulo ndicho chitetezo. Chitini chinagwa, chinalira, chinadumpha, osapindika ngakhale pang'ono. Kutsegula, dongo lili phwatalala ngati chitumbuwa. Chitini chinadziteteza chokha, nkhonya yonse n'kuipereka kwa wokwera.

Nkhani yomweyi inawavutapo opanga magalimoto. Kale ankaganiza kuti galimoto yabwino ndi yolimba ponseponse, yoti ikagunda mtengo isapindike. Galimoto inkatsaladi yooneka bwino, koma anthu m'katimo ankafa. Injiniya wina wa kampani ya Mercedes-Benz, Béla Barényi, ndiye anabwera ndi maganizo oti kutsogolo ndi kumbuyo kwa galimoto kuzipangidwa kofewerapo mwadala, kuti pangozi kuzikwinyika ndi kumeza mphamvu, pamene chipinda chokhala anthu chikhale cholimba. Chilolezo cha nzeru imeneyi anachilandira mu 1952, ndipo galimoto zoterezi zinayamba kugulitsidwa mu 1959. Mukaona galimoto yatsopano itakwinyika mphuno ngati pepala pa msewu wa Mchinji, musathamangire kunena kuti za masiku ano n'zosalimba. Mphuno imeneyo yafera dalaivala.

Chachiwiri anayesa parachuti ya jumbo. Majumbo opyapyala boma linawaletsa mu 2015, ndipo khoti lalikulu la apilo linagwirizana ndi chiletsocho mu 2019, koma pakhomo la kumudzi sipasowa limodzi lochapidwa n'kusungidwa kudenga. Anamanga ngodya zake ndi ulusi wosomola ku thumba la feteleza. Koma mamita 3 ndi ulendo waufupi. Pamene jumbo linkati liyambe kufufuma, katundu anali atafika kale pamwala. Anakhala pansi, dzanja patsaya, kenaka anakasenda kansungwi kopyapyala n'kukapinda ngati mkombero wa lichero, n'kusokerera kukamwa kwa jumbolo kuti likhale lotsegukiratu lisanagwetsedwe. Ulendo uno linatsika mwaulemu pang'ono, ndipo koposa zonse linagwira katundu kuti asatembenuzike m'malere. Dongo linaphwanyikabe, koma pang'ono.

Amayi ankaonerera zonsezi ali pamphasa. Lachitatu madzulo anatopa nako kungoonerera.

"Kodi iwe, ine mazira ndinkapita nawo bwanji kumsika zaka zonsezi? Unamvapo kuti ndafika nawo osweka?"

"Munkawaika m'ndowa, agogo."

"M'ndowa mwa chiyani?"

Mtsikana anayang'ana thumba la madeya limene linali pakhonde, n'kuseka. Mayi aliyense wa ku Chiosya amadziwa zimenezi. Umathira madeya pansi pa ndowa, n'kuyala mazira motalikirana kuti asakhudzane, n'kuthiranso madeya, n'kuyalanso ena. Ndowayo imatha kukwera pa kaliyala wa njinga, yomangidwa ndi malegeni, n'kudutsa m'mabampu a msewu wafumbi mazira osamva kanthu. Madeya amaligwira dzira mbali zonse mofanana, choncho palibe malo amodzi a chigoba amene amasenza katundu okha. Ndi njira yachitatu ija, yomwaza mphamvu, ndipo amayi anaidziwa asanamvepo za Newton.

"Koma osapondereza," anatero. "Ukawathina madeya amauma ngati njerwa. Angokhala momasuka."

Kenaka anatenga makoko a chimanga n'kupota nkhata, zala zikuyenda zokha maso ali kwina. Ndinaiyang'ana nkhata ija ngati ndikuiona koyamba. Mtsikana aliyense wa kumudzi amaiika pamutu asanasenze ndowa ya malita 20, amene ndi makilogalamu 20 a madzi, ndipo ntchito yake ndi yomweyi: kufewetsa kugunda kwa sitepe iliyonse ndi kumwaza kulemera kuti kusaboole paliwombo. Pa fizikisi yonse imene tinalemba ndi tochi Lolemba usiku, panalibe mfundo ndi imodzi yomwe imene inalibe mbale wake pakhomopo. Chimene chinkasowa ndi munthu wozilumikiza.

Ndinawauza amayi kuti ngakhale thireyi ya mazira imene timagulira m'tauni ili ndi mwini wake, ndipo anali wa ntchito yangayi. Joseph Coyle, mkonzi wa nyuzipepala ku British Columbia m'dziko la Canada, anapanga katoni yoyamba ya mazira mu 1911 atamva mwini hotela ndi wobweretsa mazira akukangana za mazira ofika osweka. Anaganiza zopatsa dzira lililonse kachipinda kake. Amayi anangoti, "Akanabwera kuno tikanamupatsa madeya, osavutika." Ndinawauzanso kuti pa 4 Julayi 1997 chombo cha ku America chotchedwa Mars Pathfinder chinatera pa pulaneti ya Mars pogwiritsa ntchito parachuti, kenaka matumba a mpweya amene anachikuta mbali zonse, ndipo chinadumphadumpha ngati mpira kosachepera ka 15 chisanaime, zipangizo zake zili bwinobwino. Apa anagwedeza mutu, ati azungu akasowa chochita amaponya katundu kumwamba.

Panatsala funso la kagonekedwe. Anzake kusukulu ankati dzira liimirire, chifukwa aliyense amadziwa kuti ukalifinya m'manja kunsonga ndi kunsonga silisweka msanga. Amayi anakana. "Unaonapo nkhuku itaimiritsa mazira m'chisa? Ligoneke mmene mwini wake amaligonekera." Pamenepa ndinali ndi mboni yowathandiza. Mu 2025 akatswiri a ku Massachusetts Institute of Technology, motsogozedwa ndi Tal Cohen, anagwetsa mazira 180 kuchokera pa kamtunda ka mamilimita 8 mpaka 10, ena choimirira ena chogona, ndipo anapeza kuti ogwa chogona ankasweka mochepa. Chifukwa chake n'chakuti m'mimba mwa dzira chigoba chimatha kufwamphuka pang'ono n'kumeza mphamvu, pamene kunsonga n'kouma gwa. Ndi nkhani ya chitini ija, kuti kuuma ndi kupirira ndi zinthu ziwiri zosiyana.

Pofika Lachinayi chinthu chinaoneka mutu wake. Pansi penipeni panali nkhata ziwiri za makoko a chimanga, zosanjikizana, ndipo m'kati mwake anadzazamo makoko a mtedza, amene amaphwanyika mosavuta ndipo pophwanyikapo amadya mphamvu ngati mphuno ya galimoto ya Barényi. Pamwamba pa nkhatazo panakhala sokosi yakale ya yunifomu yodzaza madeya, dzira lili pakati chogona, madeya okwana zala zitatu mbali zonse. Timapesi tinayi tinaima m'mbali ngati nsanamira za nkhokwe, tomangidwa ndi luzi, kuti sokosi isagubuduke. Pamwamba pa zonse, jumbo la mkombero wa nsungwi. Kunena zoona chinkaoneka ngati chisa cha mbalame yoledzera. Koma dongo linatsika katatu konse n'kutuluka losalala ngati silinayende ulendo.

Dongo si dzira, ndipo mtsikana ankadziwa. Mwayi unabwera ndi fungo. Nkhuku yofungatira ija inali itakankhira kunja dzira limodzi losukusa, ndipo amayi anati limenelo atha kuchita nalo chimene afuna, bola achitire kutali ndi khitchini. Tonse tinaima chapatali, mphuno titagwira, mnyamata ali m'mwamba. Linatsika, makoko a mtedza anati khwaa, ndipo mpweya unakhalabe wabwino. Sindinaonepo anthu akuombera m'manja dzira loola, koma tsiku limenelo zinachitika.

Lachisanu ndinamuperekeza, n'kukaima kumbuyo pamodzi ndi makolo ena awiri atatu amene chidwi chinawakoka. Mphunzitsi, bambo wachinyamata wa choko m'tsitsi, anabwereka makwerero n'kuwatsamiritsa pakhoma. Chimene chinandigwira mtima ndi chimene anachita asanayambe. Anatulutsa timapepala tapulasitiki ta shuga n'kuuza mwana aliyense kuti ayambe wamanga dzira lake m'menemo, kuti likasweka lisatayike pansi, apite nalo kwawo akakazinge. Munthu ameneyu ankadziwa kumene mazirawo achokera.

Ana ena sanabwere ndi dzira n'komwe, ndipo anangoima m'mbali manja kumbuyo. Mwa amene anabwera nawo, ambiri anatsata njira ya chitini, ndipo timapepala ta shuga tinagwira ntchito. Mnyamata wina anaboola papaya wamuwisi n'kuikamo dzira, wina analiika pakati pa mkate wa nsima ya dzulo. Wa nsimayo anapulumuka, anthu n'kuseka mpaka misozi, koma mphunzitsi anawauza kuti asaseke, nsima yagwira ntchito imene madeya amagwira. Mnyamata wina wamtali, dzira lake litasweka, anatola kapepala kake mosamala n'kukaika m'thumba la malaya, nkhope ili gwa, ndipo ndinadziwa kuti akuwerengera zokanena kunyumba.

Chisa cha mbalame yoledzera chitakwera makwerero ana anakuwa. Chinatsika, chinati khwaa, n'kukhala chilili. Mtsikana anamasula luzi manja akunjenjemera, anapisa m'madeya, n'kutulutsa dzira lathunthu. Mphunzitsi analiyang'ana padzuwa kufuna mng'alu, osaupeza. Kenaka anafunsa funso limene linali mayeso enieni.

"Tatiuza, n'chifukwa chiyani silinasweke?"

"Sala, likanagwa pa simenti likanasenza matumba atatu a chimanga. Ine ndalipatsa poti lilowe, ndiye langosenza mapaketi awiri a shuga."

Anamuuza kuti akalembe pabolodi. Analemba mamita 3, anagawa ndi masentimita 7 a nkhata ndi madeya ake, n'kuchulukitsa ndi kulemera kwa dzira. Ana amene ankaseka aja anayamba kukopera.

Tsono pano ndi pamene anzanga olemba nkhani amakonda kuimba nyimbo yakuti umphawi ndi mphunzitsi wabwino, ndipo amatchula William Kamkwamba wa ku Wimbe m'boma la Kasungu, loyandikana ndi lathu, amene mu 2002 anapanga makina amphepo opangira magetsi ndi mitengo ya bulugamu, zitsulo za njinga ndi zotola kudzala, atasiya sukulu chifukwa cha fizi m'nthawi ya njala. Nkhaniyo ndi yoona ndipo ndi yonyaditsa. Koma oimbawo amaiwala kuti mnyamatayo anayamba waona chithunzi m'buku lotchedwa Using Energy, limene analipeza m'kalaibulale ka kwawoko. Zitsulo zinali kudzala zaka zonse, ndipo zinakhala magetsi tsiku limene zinakumana ndi buku. Madeya nawo akhala pakhonde la amayi chibadwire changa. Anakhala fizikisi tsiku limene mphunzitsi anatumiza kapepala, mwana n'kuwaikira nambala. Amayi amadziwa kuti madeya amasunga dzira pa njinga. Mdzukulu wawo tsopano angathe kukuuzani kuti pafunika madeya ochuluka bwanji dzira likamagwa kuchokera pa mamita 6, asanaliponye, ndipo chimenecho ndicho sukulu yawonjezera.

Umphawi pawokha chimene umaphunzitsa kwambiri ndi mantha. Mwana amene ali ndi dzira limodzi amaphunzira kuganiza asanachite, ndipo limenelo ndi phunziro labwino. Koma amaphunziranso kuti kulephera kuli ndi chilango cha ndiwo zopanda mchere, choncho ambiri amasankha kusayesa n'komwe, ngati ana aja anaima m'mbali manja kumbuyo. Akatswiri a ku Massachusetts anaswa mazira ambirimbiri kuti apeze mfundo imodzi, ndipo palibe anawakalipira. Sayansi imakula ndi zinthu zosweka. Mtsikana wathu anapeza dongo loti lizisweka m'malo mwa dzira, koma si mwana aliyense amene ali ndi dambo pafupi, agogo odziwa kupota nkhata, ndi malume wosowa chochita sabata yathunthu.

Ndipo nkhaniyi siithera pa masewera. Mu 2016 ku Rwanda kampani ya Zipline inayamba kutumiza magazi kuzipatala za kumidzi pa tindege topanda woyendetsa, timene timagwetsa kabokosi ka magazi ndi kaparachuti kapepala. Mu Juni 2017 boma la Malawi ndi UNICEF anatsegula ku Kasungu dera loyeserera tindege totere pa ntchito zothandiza anthu. Kabokosi ka magazi kapena katemera kogwa kuchokera kumwamba kali ndi funso lomwe lija la pa makwerero: chinthu chosachedwa kuwonongeka chifike bwanji pansi chili chamoyo? Ana oti adzayankhe funso limeneli m'zaka zikubwerazi alipo kale, ena a iwo akuswa mtedza ku Chiosya.

Dzira lija linabwerera kunyumba monga analamulira amayi. Mlongo wanga analitembenuza m'manja kangapo, kenaka anafunsa mwana wake, mawu ali pansi, kuti mabuku a fizikisi a Fomu 3 amagula ndalama zingati. Loweruka dziralo silinapite kumsika. Amayi, omwe aja ankatiopseza ndi khunyu tili ana, analiphika n'kumupatsa mdzukulu wawo kuti adye yekha, ati lagwira kale ntchito yake. Mchere wa sabata imeneyo unagulidwa ndi ya minibasi yanga, ndipo ndinabwerera ku Lilongwe pa lole ya mtedza.

Inu a thireyi, mukamapita kumudzi mwezi wamawa, pa katundu wa shuga ndi buledi uja wonjezeranipo mazira khumi, makatoni akale ndi selotepi imodzi. Musakasiye kunyumba. Kafunseni kumene amakhala mphunzitsi wa sayansi, mukamupatse, mumuuze kuti awa ndi oti ana aswe.